MENDULO YA AGOGO SI YA MALONDA

Abale athu othyola tiyi m'cigwa ca Honde ndi m'minda ya ku Chipinge, tiri nao mau pang'ono onena za kanthu ka siliva kamene ena a inu musunga pansi pa bokosi.

Ku Mangalande kuli mwambo wakuti mfumu ikamwalira, amisiri asula mamendulo okhala ndi nkhope yace ndi caka ca imfa yace. Anatero pa maliro a Mfumukazi Victoria m'caka ca 1901, a Edward VII mu 1910, ndi a George V mu 1936. Kufikira lero alipo anthu okonda kusonkhanitsa mamendulo otere. Ayang'ana ngati siliva ali weniweni ndi ngati nkhope siinafufutike, nalipira monga mwa kusowa kwace kwa cinthuco.

Ife sitiwatsutsa anthuwo. Koma iwo afunanso mendulo ya mtundu wina, ndiyo iri m'manja mwathuyi. Itatha Nkhondo ya Ciwaya ya 1914 kufikira 1918, asilikari a Keyala analandira mendulo ya siliva, mbali yina mutu wa George V, mbali yina munthu wokwera pa kavalo. Ndipo si a ku Zomba okha anapita ku nkhondoyo ai. Gulu la Rhodesia Native Regiment, lokhazikidwa mu 1916, linalemba amuna ambiri a ku Nyasaland amene anadza kuno kudzafuna nchito. Ngati mendulo yotere iri m'nyumba mwanu, muiyang'ane m'mphepete mwace: mudzapeza nambala ya msilikari, dzina lace, ndi gulu lace.

Mfumu ija siisowa cikumbutso. Manda ace ali ku Windsor, mbiri yace iri m'mabuku, ndipo nkhope yace inali pa ndarama za siliva za Southern Rhodesia kuyambira 1932. Nanga mchona amene anacoka kwao wa pansi, nakalambira m'komboni, naikidwa kutari ndi abale ace, akumbukidwa ndi ciani? Mtanda wa pa manda ace ciswe cinadya kale. Kwa mabanja ena, dzina la m'mphepete mwa mendulo ndilo lokha latsala lolembedwa. Si citupa ca boma, komabe ciri mboni kwa adzukulu kuti mwini mbumba anali yani.

Tidziwa kuti malipiro a pa tiyi acepa, ndi kuti njala siiwerenga maina. Cifukwa cace, ngati umphawi wakufikani pakhosi, cenjerani ndi izi. Coyamba, lembani m'kabuku mau onse a m'mphepetewo, ana awasunge. Caciwiri, musaikwecese ndi phulusa kapena mcenga, pakuti kutero kufafaniza zilembo ndi kugwetsa mtengo wace. Cacitatu, musalole woigula pa sikelo monga citsulo wamba. Pamene mtengo wa siliva unakwera m'caka ca 1980, mamendulo ambiri a nkhondo ija anasungunulidwa, ndi maina omwe anatayika nao. Wodziwa zinthuzi agula dzina ndi mbiri, osati kulemera kokha.

Koma ife tinena kuti ndi bwino koposa kuisunga. Ndarama ya malondawo idzatha mwezi usanathe, ndipo dzina la agogo likaoloka nyanja silidzabwereranso ku Honde kapena ku Chipinge.