MANTHA ASAPITIKITSE ANTHU M'NYUMBA

Ku dziko la New Zealand kunacitika nkhani imene eni nyumba za lendi kulikonse ayenera kutengerapo phunziro. Nkhaniyi ndi ya mankhwala osokoneza bongo ochedwa methamphetamine. Munthu akamasuta mankhwalawa m'nyumba, utsi wace umasiya zotsalira pa zipupa ndi kudenga.

Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo kumeneko unaika muyeso wa maikurogalamu 0.5 pa kamalo ka masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Muyesowu unali wa nyumba zimene anthu anali kuphikiramo mankhwalawa, pakuti ophika amagwiritsa nchito asidi ndi zina zaululu zimene zimalowerera m'zipupa ndi m'mipope. Koma bungwe la nyumba za boma, Housing New Zealand, linaugwiritsanso nchito pa nyumba zimene munthu anangosutiramo. Mabanja anatulutsidwa, ena anataya katundu wao, enanso anauzidwa kulipira ndalama zoyeretsera, pamene nthawi zina panalibe umboni wakuti osutawo ndi iwo.

Mu May 2018 Sir Peter Gluckman, mlangizi wamkulu wa Nduna Yaikulu pa za sayansi, anaulutsa lipoti lonena kuti palibe umboni wakuti zotsalira za utsiwo zimadwalitsa okhala m'nyumba, ndi kuti pansi pa maikurogalamu 15 ngozi njocepa zedi. Mu September caka comweco bungwelo linapepesa. Mabanja pafupifupi 800 anali atavutika kale, ndipo madola a New Zealand okwana 100 miliyoni anali atapita pa kupima ndi kuyeretsa.

Palibe amene anganene kuti mankhwalawa ndi abwino. Amaononga moyo wa owasuta. Nyumba imene munali kuphikidwa mankhwala iyenera kuyeretsedwa ndi akatswiri asanalowemo mwana. Koma imene munali utsi wokha, kawirikawiri sopo, madzi ndi mphepo yabwino zimakwanira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwini nyumba wanzeru amayamba wafunsa: kodi munacitika ciani m'nyumbamu, ndipo wacita ndani? Ayenera kuiona bwino nyumbayo wolowa asanalowe, ndi kuionanso potuluka, kuti mlandu ugwere mwini wace. Cipupa cimatsukika tsiku limodzi, koma banja lotayidwa pa msewu popanda cifukwa limatenga zaka kuti liimenso.