Mwana sanawononge kompyuta

Loweruka lina masana kuno ku Avondale, mtsikana wa Giredi 2 anakhala ola lathunthu pa laputopu yakale ya pa nyumba. Anajambula nyumba ya denga lofiira, mtengo wa mango pambali pake, ndi minibasi yodzaza anthu ikupita ku tauni. Anasunga chithunzi chake n'kupita kukamwa madzi. Mlongo wake wamng'ono anabwera, anatsegula pulogalamu yomweyo, ndipo anapeza nyumba ija ili pa sikirini. Anaipaka utoto wakuda ponseponse. Kompyuta itamufunsa funso la m'Chingerezi limene sanathe kuwerenga, anadina batani loyamba. Nyumba inapita. Kunali kulira, kunali kukalipirana, ndipo mapeto ake laputopu inatsekeredwa m'wadirobu ndi mawu akuti: "Mwaiwononga."

Palibe chimene chinawonongeka tsiku limenelo. Pulogalamu ija, Tux Paint, inachita zimene imachita nthawi zonse ngati palibe wamkulu amene waikonzeratu. Ikatsegulidwa imabweretsa chithunzi chimene chinasiyidwa komaliza, ndipo posunga imafunsa ngati chatsopano chilowe m'malo mwa chakale. Mwana wa zaka zinayi sangayankhe funso limenelo. Mlandu ndi wathu, ife akulu awo, amalume ndi azakhali, amene timaika mapulogalamu n'kuchokapo.

Kwa amene simuidziwa, Tux Paint ndi pulogalamu yojambulira ya ana imene a Bill Kendrick a ku America anayamba mu 2002. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo ikalowa mu kompyuta sifuna intaneti. Imagwira nchito pa Windows, pa Mac, pa Linux ngakhale pa foni ya Android. Pansi pa sikirini pamakhala kambalame ka kumayiko ozizira, ka penguin, kamene kamauza mwana chochita. Laputopu yogula pa salaula ku tauni, imene imalephera kutsegula zinthu zolemera, imainyamula bwinobwino. N'chifukwa chake timaipeza m'nyumba zambiri ndi m'timasukulu ta ana, kuchokera ku Chelstone mpaka ku Kabwata.

Ili ndi mavuto ake, ndipo sitibisa. Koma ambiri mwa iwo ndi odziwika kale, ndipo mankhwala ake sadya mphindi zisanu.

Tiyambe ndi vuto la mtsikana uja. Pa kompyuta pali kapulogalamu kena kotchedwa Tux Paint Config, kamene anapangira akuluakulu. Mmenemo mungasankhe kuti nthawi zonse izitseguka ndi pepala loyera, komanso kuti posunga izipanga chithunzi chatsopano popanda kufunsa. Mukachita ziwiri izi, palibenso mwana amene adzafafaniza nchito ya mnzake posunga. M'nyumba ya ana anayi ndi laputopu imodzi, kumeneko ndiye kugula mtendere.

Lachiwiri ndi zithunzi zimene timati "zasowa". Mayi afuna kutumiza chithunzi cha mwana kwa agogo ku Chipata pa WhatsApp, afunafuna mu Documents, palibe. Tux Paint sifunsa mwana dzina la fayilo. Imasunga yokha, dzina lake n'kukhala manambala a tsiku ndi nthawi, m'foda yobisika. Ndipo malo ake amasiyana. Pa Windows lembani %APPDATA% pamwamba pa windo la mafayilo, mulowe mu TuxPaint, kenako saved. Pa Linux foda yake ndi .tuxpaint, yokhala ndi kadontho kutsogolo, ndipo kadonthoko ndi kamene kamaibisa. Pa Ubuntu dinani Ctrl ndi H, ionekera. Pa Mac ili mu Library, mkati mwa Application Support, ndipo Library imaoneka mukagwira batani la Option potsegula Go mu Finder. Pa mitundu yatsopano ya pulogalamuyi muli batani la Export limene limatumiza chithunzi ku Pictures. Mudziwe malo amenewa musanapereke laputopu kwa anyamata okonza, chifukwa akaichita fomati zithunzi zonse za mwana zimapita limodzi.

Lachitatu limachitika pa mausi. Mwana wa dzanja laling'ono amadina batani lililonse limene chala chagwerapo, koma Tux Paint imamvera la kumanzere chabe. Mwana adina la kumanja, palibe chichitika, ndipo ife timathamangira kunena kuti mausi yafa. Mu Config muli posankha kuti mabatani onse azigwira nchito mofanana. Mulinso njira yothandiza amene amavutika kugwira batani uku akukoka, makamaka pa laputopu yopanda mausi: adina kamodzi kuyamba mzere, adinanso kuumaliza.

Pali tina ting'onoting'ono. Batani la Stamp likakhala lotuwa, losadinika, nthawi zambiri ndiye kuti zidindo zake, zija za nyama, zipatso ndi magalimoto, sizinaikidwe. Zimabwera pazokha, muyenera kuzichita dawunilodi padera. Phokoso likasowa, yesani Alt ndi S, chifukwa mwana akhoza kulizimitsa mosadziwa. Ikakana kutseguka n'kunena kuti yatsegulidwa kale, dikirani masekondi 30. Anaipanga choncho dala, poopa ana amene amadina kakhumi pa nthawi imodzi. M'kalasi mmene makompyuta ambiri amasungira malo amodzi, chitetezo chimenechi chimatha kutsekereza ena onse, ndipo chimazimitsidwa mu Config momwemo. Mukachotsa batani lotulukira kuti ana asapite kukasewera ndi mafayilo anu a ku nchito, njira yanu yotulukira ndi Shift, Ctrl ndi Esc pamodzi. Poika koyamba, Windows kapena Mac ikhoza kuchenjeza kuti siidziwa pulogalamuyi. Ngati mwaitenga pa tsamba lake lenileni, tuxpaint.org, mukhoza kuilola. Ngati mwaitenga pa fulashi ya munthu amene simumudziwa, mverani chenjezolo.

Vuto limodzi lilibe mankhwala m'kati mwa pulogalamu: malaiti. Tonse tikumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, pamene tinali kukhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Laputopu zambiri za salaula mabatire ake anafa kale. Malaiti akapita, chimene sichinasungidwe chapita. Apa chofunika ndi chizolowezi. Phunzitsani mwana Ctrl ndi S monga mmene timamuphunzitsira kusamba m'manja asanadye.

Ena adzati: "Mavuto onsewa a chiyani? Mupatseni foni aonere makatuni, akhala chete." Zoona, akhala chete. Foni ndi yosavuta, ndipo munthu wochoka ku nchito wotopa alibe mphamvu zolimbana ndi mafoda obisika. Koma taonani kusiyana kwake. Pa makatuni mwana amangolandira, ma bundle akutha, zotsatsa malonda zikudumphira pamaso pake. Pa pepala loyera la Tux Paint amasankha yekha mtundu, amalakwitsa, amabweza, amayesanso. Akuphunzira kugwira mausi, kupeza zilembo pa kiyibodi, ndi kudziwa kuti chinthu chimasungidwa penapake.

Izi si zamasewera chabe. Mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta m'dziko muno, m'masukulu ambiri makompyuta anali ochepa kwambiri, ndipo ena anadikira mpaka usiku kuti mpata wawo ufike. Ena mwa ife tinali ndi ang'ono athu m'mizere imeneyo. Mwana amene wayamba kugwira mausi ali ndi zaka zisanu sadzanjenjemera pa tsiku ngati limenelo. Koma amene anauzidwa kuti "wawononga" amakula ndi mantha. Timawaona lero, anyamata ndi atsikana anzeru, amene pa foni ndi akatswiri koma akakhala pa kompyuta manja amauma, kuopa kudina cholakwika. Mantha amenewo anabzalidwa ndi munthu, ndipo kawirikawiri ndi munthu wa pa nyumba.

Pali chinanso chimene tiyenera kuvomera. Ife amene tidziwako pang'ono za makompyuta timakonda kusunga nzeru m'mutu. Wina akaitana, timabwera, tidina mabatani atatu mofulumira, tilandira "zikomo ba boss", n'kupita. Mawa vuto likabwerera, aitananso. Kumeneko si kuthandiza. Malangizo ambiri a mapulogalamu amenewa ali m'Chingerezi, pamene amene amakhala ndi ana masana ndi agogo, kapena mtsikana wothandiza pa nyumba, kapena aphunzitsi a ku nazale amene ali ndi ana 30 ndi kompyuta ziwiri. Tux Paint inamasuliridwa m'zinenero zoposa 100, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chizulu, ndipo nchitoyo anaigwira ndi anthu odzipereka ngati ife. Ngati iwo anamasulira pulogalamu yathunthu, ife tingalephere kulemba pepala limodzi?

Ndiye pempho lathu ndi ili. Nthawi ina mukaikira mwana Tux Paint, musachoke msanga. Tsegulani Config, mukonze za pepala loyera, za kusunga ndi za mabatani a mausi. Kenako tengani pepala ndi bolopeni, mulembe m'Chinyanja chathu chomwechi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi: zithunzi zili kuti, phokoso likasowa tichite chiyani, ikakana kutseguka tidikire nthawi yaitali bwanji. Mumate pepalalo pakhoma pafupi ndi kompyuta. Lijambuleni pa foni, mutumize ku gulu la WhatsApp la makolo a pa sukulu. Mukapeza vuto latsopano limene palibe akulidziwa, lembani mtundu wa kompyuta yanu ndi zimene munadina, muwauze opanga pulogalamuyi kudzera pa tsamba lawo. Mavuto amene tatchula pano anadziwika chifukwa wina kwinakwake anachita zimenezo.

Laputopu ija inatuluka m'wadirobu patapita sabata. Nyumba ya denga lofiira sinabwerere, pakuti inafafanizika zenizeni. Mtsikanayo anajambula ina, ndipo ulendo uno minibasi ili ndi kondakitala wolendewera pa chitseko. Mlongo wake ali ndi pepala lake loyera, ndipo amalipaka utoto wakuda mmene afunira.