Anyamata a kuchigwa, imbani za njovu ndi thonje

Masiku apitawa, pamalo ena ometera tsitsi pa Cropping ku Mfuwe, anatiikira nyimbo ya hip-hop ya mnyamata wakuno kwathu, yojambulidwa m'kachipinda ndi kompyuta imodzi. Mawu mwanayo ali nawo, ndipo lilime lake limathamanga osapunthwa. Koma nditatchera khutu mtima unandiwawa. Amaimba za moyo wa m'komboni, za kuthamangitsana ndi apolisi m'misewu ya Lusaka, za magalimoto ndi mowa wodula. Anzake amene anali pamenepo anati iye anakulira kwa Mnkhanya ndipo ku Lusaka sanapondeko.

Wina anena kuti n'kanthu kochepa, ana akusewera. Ine ndikukana. Inunso mwazimva nyimbo zotere m'maminibasi a ku Chipata ndi m'mafoni a anyamata a njinga zamoto, ndipo mukudziwa kuti pafupifupi zonse n'zofanana: mwana wa mlimi wa thonje kulira maliro a eni ake, a pakhomo pake atawasiya.

Nyimbo za hip-hop sizinayambe choncho. Zinabadwira ku Bronx, mumzinda wa New York, cha m'ma 1973, pakati pa ana a anthu osauka, ndipo mu 1982 gulu la Grandmaster Flash and the Furious Five linatulutsa The Message, yofotokoza umphawi wa m'misewu imene eni akewo ankayendamo tsiku ndi tsiku. Kuno ku Zambia Slapdee anatchuka poimba Chinyanja cha ku Matero kumene anakulira. Macky 2 ndi mng'ono wake Chef 187 anabwera ndi Chibemba cha ku Kopala, cha ana a anthu a m'migodi. Pilato anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo, ndipo mu 2018 anathawira ku South Africa itatuluka nyimbo yake ya Koswe Mumpoto. Onsewa asanabwere, P.K. Chishala anali ataimba kale Common Man, ya wantchito amene malipiro ake safika kumapeto kwa mwezi. Aliyense wa iwo anaimba za pamene anaima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo mwambi umenewu sindidzatopa nawo.

Nanga ife ku Mambwe tikusowa choimba? Taganizani za bambo wa kwa Kakumbi kapena kwa Nsefu amene amagona kumunda chimanga chikayamba kukhwima, akuimba zitini ndi kufukiza tsabola usiku wonse, kenako njovu n'kudya thukuta la chaka chathunthu tambala asanalire. Akapita kukadandaula amalembedwa dzina, koma chipukuta misozi palibe. Taganizani za mlimi wa thonje amene anatenga mbewu ndi mankhwala pangongole, analimira ndi khasu, anapopera, anatola dzuwa likumuphika, ndiye pa tsiku la sikelo ngongole ikachotsedwa amabwerera kunyumba ndi ndalama yosakwana yunifolomu ya ana awiri. Msodzi wa mu Luangwa amaponya ukonde diso lina lili pa ng'ona, lina pa mvuu. Mayi amapalasa njinga m'bandakucha ndi dengu la tomato, akuopa kukumana ndi njovu pamsewu.

Ndiye palinso antchito a m'maloji ndi m'makampu a South Luangwa National Park: ophika, ochapa, oyala mabedi, alonda a usiku, otsogolera alendo pansi m'tchire. M'makampu ena mlendo amalipira pa usiku umodzi ndalama imene womuyalira bediyo saiona pa mwezi. Mvula ikayamba mu Novembala makampu a m'tchire amatsekedwa, anthu amabwerera kumudzi kukadikira miyezi yambiri, ndipo nthawi yomweyo ndiyo ya njala, ya malungo ndi ya Lupande kusefukira. Alendo amabwera pandege, amajambula nyalugwe n'kubwerera. Dziko lonse likudziwa nyama za kuchigwa kuno, koma za munthu amene amakhala nazo moyandikana, ndani wazinena? Ntchito imeneyi ndi ya woimba.

Apa mundilole ndinene dandaulo langa. Ife tinali nayo kale njira yonenera zowawa. Amayi athu posinja pamtondo ankaimba za mwamuna waulesi, za apongozi ovuta, za bambo amene anapita ku migodi n'kuiwala kwawo. Mudzi wonse unkamva, ndipo wolakwa ankadzidziwa popanda kutchulidwa dzina. Chigayo chinabwera, chinawapumitsa manja amayi, tikuthokoza, koma nyimbo zija zinapita ndi mtondo ndipo palibe amene anaima kuti azisunge. Mpata umene unatsalawo ndi umene ana athu a rap akanatsekapo. Luso lake ndi lomwelo: mawu ambiri, kugunda kosasintha, ndi choonadi chimene sungachinene pamaso pa akulu koma ungachiimbe.

Mlandu si wa ana okha. Ife akuluakulu timawaseka akaimba m'Chikunda kapena m'Chichewa cha kumudzi, timati n'zachimidzi. Pa maukwati ndi m'mabala timafuna za ku Lusaka ndi ku Nigeria zokhazokha. Mwana amaona chimene chikuomberedwa m'manja, n'kutsata chomwecho. Pa mwambo wa Malaila khamu limasonkhana chaka ndi chaka. Kodi n'kovuta kupatula kanthawi madzulo kuti achinyamata aimbe za moyo wa kuno? Mawailesi a m'dera lathu ndi a ku Chipata nawonso angathe kuika pulogalamu ya nyimbo za m'chigwa muno zokha, ndipo omvera sangasowe.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukusonkha ndalama za ganyu kuti mukalowe mu situdiyo, mverani. Ku Lusaka oimba za komboni alipo mazanamazana ndipo simudzawaposa pa nkhani yawo. Woimba za kulondera njovu, za sikelo ya thonje ndi za kampu yotsekedwa m'dzinja akusowekabe. Khalani pansi ndi makolo anu, afunseni chimene chinawagonetsa ndi njala chaka chatha, mukalembe chimenecho m'chilankhulo chimene mumalankhula pakhomo.