Mzere umodzi pa chipatala cha Karonga

Munthu wothawa nkhondo kum'mawa kwa Congo akawoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Tanzania, kawirikawiri amafika ku Karonga ali wolefuka, mapazi atatupa, mwana kumsana akutentha thupi. Amayamba wasungidwa pa malo ongodutsira, podikira ulendo wa ku Dzaleka ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000 koma lero muli oposa 50,000. Akadwala panthawiyi, amaima pamzere umodzi ndi msodzi wa ku Kaporo komanso mlimi wa mpunga wa ku Hara, ndipo mankhwala a malungo akatha, onsewa amabwerera chimanjamanja. Ena amaloza mlendoyo kuti ndiye akumaliza mankhwala, koma vutolo linayambira ku Lilongwe. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri Malawi sanafike pamenepo. Dzenjelo lakhala likukwiriridwa ndi UNHCR ndi mabungwe ena akunja, amene thumba lawo linaphwa mu 2025 America atadula thandizo. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inaonetsa kuti boma la m'malire ndi m'mphepete mwa nyanja ngati Karonga limafunika anamwino, madzi aukhondo ndi mankhwala okwanira. Aphungu akamakambirana bajeti ya chaka choyamba pa 1 Epulo, awerengenso odutsa pa Songwe pogawa ndalama za chipatala cha Karonga.