Gemu Yosamalizidwa Nayonso Ikhale Pa Tebulo

Anzanga owerenga bolodi ino, pa magemu 7 amene tinapanga pa game jam yathu, 3 okha ndi amene anamalizidwa. Tsopano m'kalabu ya kompyuta mukuyenda ganizo lakuti tsiku lomwe makolo adzabwere kudzaona ntchito zathu, atatu okhawo ndiwo adzaikidwe pa tebulo. Anayi otsalawo akuti atsekeredwe m'kabati, ati angatichititse manyazi. Ine ganizo limeneli ndikulikana, ndipo ndikufuna inunso mulikane. Ndineneretu kuti gemu ya gulu lathu ili m'gulu la anayiwo, kuti wina asadzati ndinabisa.

Kwa inu amene Loweruka lija munali kudimba kapena kuchigayo, game jam ndi pamene anthu asonkhana, apatsidwa mutu umodzi, n'kupanga gemu yatsopano m'nthawi yochepa kwambiri. Dzinali linachokera kwa oimba, aja amangokumana wina ndi gitala wina ndi ng'oma n'kuyamba kuimba osakonzekera. Yotchuka kwambiri ndi Global Game Jam, yomwe inayamba mu Januwale 2009 m'mayiko 23, ndipo m'zaka zotsatira inafalikira mpaka kupitirira mayiko 100. Nthawi yake yodziwika ndi maola 48 basi. Palinso ina yakale kuposa imeneyi, Ludum Dare, yomwe inayamba mu 2002. Komanso ku Global Game Jam salandira magemu a pa kompyuta okha ayi. A pa katoni ndi a makadi nawonso amaloledwa, choncho asakunamizeni kuti zimenezi ndi za ana a m'tauni okhala ndi laputopu.

Yathu inali yaing'ono. Tsiku limodzi, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Makompyuta awiri okhala ndi Scratch, makatoni opempha kugolosale, zitsekerero za mabotolo, choko, ndi madayisi osema pa sopo. A patironi anabwereka mutu wa Global Game Jam ya 2020 woti "Repair", kutanthauza kukonza chinthu chowonongeka.

Ndiye tiyeni tione amene anamaliza ndi amene sanamalize. Pa atatu omalizidwa aja, awiri ndi Ludo ndi gemu ija ya njoka ndi makwerero, angosintha zithunzi. M'malo mwa njoka ajambula tayala lophulika, m'malo mwa makwerero ajambula sipanala. Sindikunyoza ayi, anajambula mokongola moti ine sindingafikepo. Koma malamulo anali okonzeka kale, anawapanga anthu ena kalekale, ndiye ntchito yotsala inali kupaka utoto. Pa anayi osamalizidwa, onse anayesa malamulo atsopano omwe palibe anawaseweretsapo. Gulu lina la pa Scratch linaima cha m'ma 12 koloko batire la sola litatha chifukwa kunja kunali mitambo. Gulu linanso linali ndi atsikana atatu a kutsidya kwa mtsinje amene anayenera kunyamuka 1 koloko kuti akatunge madzi ndi kuphika kusanade. Tonse pano ndife oyendera, tikudziwa tanthauzo la kuyenda ola lathunthu wapansi. Lamulo loti "omaliza okha ndiwo aonekere" likupereka mphoto kwa amene amakhala pafupi ndi sukulu ndiponso kwa amene anasankha njira yodziwika kale. Eti ndi zimene tikufuna kulimbikitsa?

Ndikuuzeni za gemu yathu, chifukwa ndi yomwe ndikuidziwa bwino. Tinaitcha Mjigo Wafa. Osewera ndi anayi, aliyense akuimira banja limodzi m'mudzi. Ulendo uliwonse banja limalandira zitsekerero ziwiri, ngati ndalama ya ganyu kapena ya tomato. Ukhoza kuziponya m'mbale ya mudzi kapena kuzisunga. Mbale ikafika zitsekerero 20, mudzi ugula zipangizo n'kulipira mmisiri, mjigo n'kuyambanso kutulutsa madzi. Wopambana ndi amene watsala ndi zitsekerero zambiri pa nthawi imeneyo. Masamu ake ndi osavuta: mabanja anayi akamaponya zonse, ulendo umodzi ndi 8, ndiye pa ulendo wachitatu mjigo wakonzedwa. Belu la 3 koloko likulira tinali titalemba makadi 12 pa makadi 30 omwe tinafuna, ndipo lamulo lonena zomwe zichitike mjigo ukapanda kukonzedwa linali lisanalembedwe.

A patironi anati ngakhale zili choncho, ana a fomu 1 aiyese. Mnyamata wina sanaponye kanthu ulendo woyamba. Wachiwiri sanaponyenso, akungomwetulira. Anzake atatu ataona kuti iyeyo ndiye adzapambane ndi thukuta lawo, nawonso anasiya kuponya. Mbale inaima pa 9. Anakhala akulandira zitsekerero, aliyense akuunjika zake, mjigo uli chifere. Mtsikana wina anangoti, "Iii, koma ndiye ngati kwathutu izi!" Aliyense anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu odziwa zomwe akuseka. Ndani pano sanamvepo a komiti ya mjigo akuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama, ena n'kumati abwere mawa, mawa lake osafika, amayi n'kubwerera kukatunga kudambo?

Kenako unabuka mkangano, ndipo mkangano umenewo ndiwo ndikufuna makolo adzauone. Wina anati amene sakuponya azikatunga kumtsinje, ndipo aziponya dayisi. Ikagwa pa 6 ndiye kuti mwana watsegula m'mimba, alipire zitsekerero zisanu za kabaza wopita kuchipatala. Wina anawerengera pomwepo kuti 6 imagwa kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi, ndiye wouma mtima akhoza kungolimba nazo, chilangocho n'chochepa. Taonani, masamu omwe m'kalasi timawaona ngati mankhwala owawa, apa mwana wa fomu 1 anawatulutsa yekha popanda womutuma. Wina anati pa mjigo paikidwe loko, kiyi azisunga a komiti. Ndiye mtsikana uja anafunsa funso limene linatitseka pakamwa tonse: nanga agogo amene akulera ana amasiye, alibe ngakhale chitsekerero chimodzi, nawonso muwatsekera?

Anakangana mpaka a patironi anachita kutikumbutsa kuti dzuwa lapendeka. Pa tebulo la Ludo palibe anakangana, chifukwa panalibe chokanganirana. Anthu anasewera, wina anapambana, basi. Gemu yathu inali ndi dzenje pakati, ndipo m'dzenje limenelo ndi momwe osewera analowetsamo nzeru zawo. Ife opanga tinaphunzira pa mphindi zochepa zimenezo chinthu chomwe palibe tsamba la notsi likadatiuza: malamulo ukawalemba pa pepala amaoneka abwinobwino, koma amaoneka zenizeni zake anthu ena akawagwira, makamaka anthu ochenjera ofuna kupambana. Zimenezi sungazidziwe gemu ili m'kabati.

Akatswiri a kunja nawonso amadutsa momwemu. Mu 2013 anyamata awiri a ku Adelaide m'dziko la Australia, Ari Gibson ndi William Pellen, anapanga nawo kagemu kotchedwa Hungry Knight pa Ludum Dare. Kanali kakang'ono, ndipo anthu amene anakasewera pa intaneti sanakakonde. Koma kanaikidwa poyera, ndipo kamunthu kamene anajambula m'menemo sanakataye. Mu 2017 anatulutsa Hollow Knight, kamunthu komweko kali pakati, ndipo gemu imeneyi yagulidwa ndi anthu mamiliyoni. Celeste ya 2018 inayamba ngati kagemu komwe Maddy Thorson ndi Noel Berry anapanga m'masiku anayi mu 2015. Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi Baba Is You. Arvi Teikari wa ku Finland anaiyamba pa Nordic Game Jam ya 2017 ku Copenhagen, ndipo yathunthu inatuluka mu 2019. M'gemu imeneyi malamulo amalembedwa m'timabokosi tomwe wosewera amatha kukankha. Ngati palembedwa kuti khoma limatchinga, iwe ukankha mawu amodzi kuwachotsa pamzere, basi khoma lija ulidutsa ngati utsi. Ndi zomwe ana a fomu 1 aja ankachita ndi mjigo wathu, kukankha malamulo kuti aone chomwe chichitike.

Sindikunena kuti Mjigo Wafa udzagulitsidwa kunja, tisanamizane. Ndikungonena kuti m'magemu atatu onsewa, chimene chinatuluka pa jam sichinali chomaliza. Chinali choyambira, ndipo panapita zaka ziwiri, zitatu, zinayi kuti chikhwime. Ife tinali ndi maola 7, mphindi zina n'kudya mbatata.

Tsopano amene akufuna kabati ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopusa. Akuti kumaliza ntchito ndi khalidwe, ndipo munthu wozolowera kusiyira panjira adzasiyanso zikuluzikulu. Zoona. M'midzi mwathumu muli nyumba zambiri zomwe zinaima pa mawindo, udzu wamera m'kati, mbuzi ndi zomwe zimagonamo. Ndipo ife a fomu 2 tikudziwa kuti pa JCE olemba mamaliki sapereka kanthu pa yankho lomwe unaliganiza koma sunalilembe. Zimenezo ndikuvomereza. Koma kuthawa ntchito ndi kwina, kuthedwa nthawi uli pa ntchito ndi kwinanso. Magulu anayi aja palibe limene linakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumacheza. Ndipo taganizani, nyumba yoima pa mawindo imamalizidwa liti? Ikabisidwa, kapena mwini wake akamaiona tsiku ndi tsiku, anthu n'kumamufunsa kuti malata afika liti? Mukatsekera magemuwa m'kabati, chiswe ndi chomwe chidzawamalize. Amene akufunitsitsa kuti tiziphunzira kumaliza ndi amene ayenera kukhala oyamba kunena kuti aikidwe poyera.

Mfundo ina ndi ya manyazi, kuti makolo adzati ana akungosewera pamene mayeso ali pafupi. Pamenepa ndikuona ngati tikuwaderera makolo athu. Ku munda wa sukulu, aphunzitsi a zaulimi amasiya dala ndime imodzi yopanda feteleza, chimanga chake chachikasu, chofika m'mawondo. Makolo akabwera sitiiphimba ndi mphasa. Timawaonetsa pamodzi ndi ndime yobiriwira, ndipo iwo amaima nthawi yaitali pa yachikasuyo, kufunsa ndi kutsutsa. Amayi anga akaumba mbiya n'kusweka pootcha, samangotaya mapale, amayamba ayang'ana kaye pomwe yang'ambikira kuti adziwe ngati vuto ndi dongo kapena moto. Anthu oterewa sangadabwe ndi gemu yosowa makadi 18.

Komanso pakati pa makolo amene adzabwere pali ena omwe ali m'makomiti a mijigo m'midzi yawo. Amenewo akudziwa zomwe ife sitikudziwa: chimene chimayamba kutha pa mjigo, mmene amachitira ndi banja lokana kusonkha, mmene a mfumu amaweruzira nkhani ikafika pabwalo. Makadi 18 otsala aja iwo akhoza kutiuza zolembapo atakhala pa benchi mphindi khumi zokha. Ludo yomalizidwa adzaiyang'ana, adzati "mwachita bwino ana inu", n'kudutsa. Kunena zoona, ndi liti pamene kholo losadziwa Chingerezi linabwera pasukulu pano n'kupeza phunziro limene ilo ndilo katswiri kuposa tonsefe, ngakhale aphunzitsi amene?

Pempho langa kwa a patironi ndi kwa inu a kalabu ndi ili. Magemu onse 7 aikidwe pa matebulo. Omaliza alandire ulemu wawo, ndipo ngati pali mphoto ya kope kapena cholembera atenge, palibe akuwalanda. Koma pambali pa gemu iliyonse yosamalizidwa pakhale pepala lolembedwa m'Chichewa, lonena zomwe zikugwira ntchito, zomwe zatsala, ndi zomwe anthu oyesa ananena. Mmodzi wa gululo aime pomwepo kuti aseweretse aliyense wofuna. Gulu la pa Scratch lija lionetse ngakhale kamunthu kawo kongoyenda kumanja ndi kumanzere, ndipo afotokoze kuti kuti kadumphe pakufunika chiyani. Ndipo teremu ya mawa tikadzapanganso jam, gulu lililonse likhale ndi ufulu wosankha: kuyamba yatsopano kapena kutola imodzi mwa zinayizi n'kuipitiriza, ngakhale si yawo. Jam imeneyo iyambe 7 koloko, kapena igawidwe Loweruka awiri, kuti a kutsidya kwa mtsinje asamachoke ntchito ili pakati.

Pakadali pano funso la agogo lija likadali lopanda yankho. Gulu lathu lagawikana. Awiri akuti agogo azitunga ulere ndipo mabanja ena awonjezere chitsekerero chimodzi chimodzi. Mmodzi akuti zikatero aliyense adzadzitcha agogo. Ine ndikuganiza zoti agogo azilipira ndi ntchito, monga kusesa pa mjigo ndi kusunga kiyi, koma anzanga akuti kumeneko ndi kuzunza nkhalamba. Pansi pa pepalali ndasiya mpata. Lembanipo lamulo lanu ndi kalasi yanu, ndipo ngati kwanu a komiti anapeza njira ina, lembaninso imeneyo. Tidzayesa lililonse Lachitatu tikaweruka, m'kalasi ya fomu 2. Bwerani ndi zitsekerero, zathu zina ana a fomu 1 anapita nazo.