Mkaka woyera ungabise mankhwala

Chaka chilichonse, kuyambira pa 18 mpaka 24 Novembala, mayiko amakumbutsana za tizilombo toyambitsa matenda tomwe sitikumvanso mankhwala a antibayotiki. Mwina mukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya madokotala okha. Komatu imayambiranso m'khola, n'kufika m'kapu ya tiyi ya mwana wanu muno mumzinda wa Tete.

Chigawo chathu n'choweta ng'ombe, kuyambira ku Angónia mpaka ku Changara. Ng'ombe ikadwala matenda a nkhupakupa, kapena bere likatupa, mlimi amaibaya oxitetraciclina kapena penicilina. Mankhwalawo amakhala m'thupi masiku angapo, ndipo ena amatuluka ndi mkaka. Simungawaone ndi maso. Kuwiritsa mkaka kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mankhwala onse.

Vuto lake n'lotani? Munthu amene thupi lake limadana ndi penicilina akhoza kutupa kapena kuchita ziwengo. Choopsa kwambiri n'chakuti tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepa kawirikawiri timawazolowera, ndipo tsiku limene mwana wadwaladi jakisoni sagwiranso ntchito. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse.

N'chifukwa chake pali zipangizo zoyezera mkaka mwachangu. Woyeza amaviika kapepala kakang'ono m'madontho a mkaka, ndipo pakapita mphindi zosakwana 10 mizere imaonetsa ngati muli mankhwala. Bungwe la Codex Alimentarius, la FAO ndi WHO, linaika malire: penicilina asapitirire mamaikulogalamu 4 pa lita, oxitetraciclina asapitirire 100. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa kamiliyoni. Choncho mkaka wa ng'ombe imodzi yobayidwa dzulo ukhoza kuwononga thanki yonse.

Koma tisadzinamize. Kapepala kamodzi kamayeza gulu limodzi kapena magulu ochepa a mankhwala, kamagulidwa ndi ndalama, ndipo kamathandiza kwambiri pamalo pamene alimi amasonkhanitsira mkaka. Mkaka umene mlimi amagulitsa m'botolo pakhomo sufika pamalo otero.

Ndiye chitetezo choyamba n'kuwerenga. Pabotolo la mankhwala a ziweto pamalembedwa mawu akuti “intervalo de segurança”, kutanthauza masiku amene mkaka suyenera kumwedwa kapena kugulitsidwa ng'ombe ikabayidwa. M'makalasi a sukulu za kwacha ndaona akuluakulu odziwa bwino ng'ombe zawo akulephera mawu amenewa, poti zilembo zake n'zazing'ono ndipo n'za m'Chipwitikizi, pena m'Chingelezi. Aphunzitsi anzanga, botolo lopanda kanthu likhoza kukhala phunziro la tsiku lonse.

Inu alimi, musabaye ng'ombe mongoyerekeza; funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ya m'boma lanu. Lembani tsiku lobaya pakalendala, ndipo mkaka wa masiku oletsedwawo muutaye. N'zopweteka kutaya ndalama ya sopo ndi mchere, koma amene angamwe mkakawo ndi ana anu ndi a anansi anu.

Inu ogula, funsani wogulitsa kuti, “Kodi ng'ombeyi yabayidwa posachedwa?” Mukakayikira mkaka wa m'sitolo, kadziwitseni akuluakulu a boma amene amayendera malo ogulitsira zakudya. Ndipo pamisonkhano ya m'dera, funsani atsogoleri kuti zipangizo zoyezerazi zidzafika liti kumagulu a alimi athu.