PAKHONDE PATHU: Bwanji Ndatsala Ine?



M'chaka cha 2018 kanema wa AMC ku America adaonetsa seŵero lotchedwa The Terror, lomwe gwero lake ndi mbiri yoona. Mu 1845 sitima ziŵiri za nkhondo za ku Britain, Erebus ndi Terror, zidapita kukafuna njira yodzera kumpoto kwa Canada. Zidakanirira m'madzi oundana, ndipo mwa amuna 129 palibe adabwerako. Sitimazo zidapezeka pansi pa nyanja mu 2014 ndi 2016.

Olemba seŵeroli adaikamo chilombo cha mizimu, Tuunbaq. Imeneyo ndi nthano chabe, ndipo ana athu tiŵauze choncho. Chomwe chatigwira mtima ife ndi kaputeni Francis Crozier, amene m'seŵeromo adatsala yekha ndi moyo.

Crozier adasenza mitolo iŵiri. Woyamba udali wa kulakwa kwenikweni. Iye adali chidakwa, ndipo usiku wina ali chiledzerere mnzake Thomas Blanky adavulazidwa mpaka kudulidwa mwendo. Crozier adachita chisoni, nausiyiratu moŵa. Apa tikuona mbali za tauba monga tidaphunzirira ku madrasa: kusiya tchimo, kumva nalo chisoni, ndi kutsimikiza kusabwererakonso. Nayenso Mneneri Yunus (A.S.) adavomera kulakwa kwake ali m'mimba mwa chinsomba, Allah namupulumutsa.

Mtolo wachiŵiri ndi umene sadautule. Anthu ake atatha ndi njala ndi matenda, omufunafuna adafika mu 1850, koma iye adabisala pakati pa anthu a mtundu wa Inuit, nauzitsa kuti adafa. Adaona ngati kukhala moyo ndi mlandu.

Kodi kuno kunyanja sitikumudziŵa munthu wotere? Mwera ukagubuduza bwato, wina nkufika kumtunda atakangamira thabwa, timamuona akuleka kudya, akuzemba nyumba za anamfedwa, ngakhale kumzikiti osaonekako. Mumtima mwake muli funso limodzi: bwanji ndatsala ine?

M'bale wathuyo timuuze mofatsa kuti nthaŵi ya imfa ya munthu aliyense adailemba ndi Allah. Ngati padali kunyozera, monga kudzaza bwato mopyola muyeso, alape ndi kupepesa eni maliro. Koma kupulumuka pakokha si tchimo.

Ndiponso wopulumuka ali ndi udindo. Ndiye mboni yofotokoza zomwe zidachitika, kuti mayi wamasiye adziŵe poyambira idda yake ya miyezi 4 ndi masiku 10, ndi kuti ana alandire chuma cha bambo wawo. Pobisala, Crozier adasiya mabanja a anzake mumdima.

Nafenso tisamunong'one pamaliro, kapena kumunenera zaufiti. Timuyendere, tidye naye, timutenge popita ku Jumu'ah.

Allah akhululukire amene adatsikira m'madzi, ndipo alimbitse mitima ya otsala. Ameen.